Matayala a matope pa kwadi: kusankha, kumanga ndi kuyenda nawo m'dzinja

Mvula ikagwa masiku anayi otsatizana ku chigwa cha Phalombe, njira yopita kumunda imasanduka phala. Dothi lake ndi makande, lakuda bii, lomata ngati ulimbo. Ukaponda ndi jombo, pozula mwendo jomboyo imatsala komweko. Kwadi, njinga yamoto ya matayala anayi ija, imatha kudutsa pamalo otere, koma osati ndi matayala omwe inabwera nawo kuchokera kufakitale. Amenewo anawapanga kuti aziyesako paliponse: pamiyala, pamchenga, paudzu. Mano ake ndi aafupi ndiponso othithikana. Akalowa m'makande matope amadzaza mipata yonse, tayala n'kusalala ngati mtanda wa nsima, n'kumangozungulira pamodzimodzi.

Ine ndinafunsa za matayala a matope mochedwa, nditagula kale. Kwadi yanga inabwera ndi matayala a mainchesi 25, ndipo wogulitsa wina atandionetsa a mainchesi 28 okhala ndi mano ngati a thirakitala, mtima unadumpha. Anati amenewa satitimira. Zoonadi sanatitimire. Koma sabata yachiwiri ndinayamba kumva fungo la labala wopserera pansi pa mpando, lamba wotumiza mphamvu ya injini akupsa, ndipo mwezi usanathe shafuti yakutsogolo, chitsulo chozunguza wilo, inathyoka ndili pakati pa dambo, nditanyamula matumba awiri a feteleza. Tinachita kuikoka ndi ng'ombe, ana a m'mudzimo akuseka chikhakhali. Tsatirani zinthuzi mwandondomeko yake kuti inu zisakuonekereni.

Yambani mwaona matope anu

Matope amasiyana. Katondo, dothi lofiira la kumtunda monga ku Thyolo, likanyowa limaterera ngati sopo pamwamba pokha, koma pansi pake mpolimba. Pamenepo pamafunika tayala loti liboole chiterezicho n'kukaluma pansi, ndiye losatambalala kwambiri limachita bwino. Makande a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa vuto lake ndi kumata. Amafuna tayala la mano otalikirana, loti likamazungulira lizitaya matope lokha. Dambo ndi nkhani ina: pamwamba pali udzu wolukana, pansi palibe poponda. Tayala la mano aatali kwambiri limang'amba udzuwo, kwadi n'kukhala pansi ndi mimba. Pamenepo chofunika ndi tayala lotambalala, lopopedwa mpweya wochepa, loti liziyandama. Mchenga wa ku Mangochi ndi Salima nawonso sufuna mano aatali, chifukwa amakumba dzenje m'malo mopita patsogolo.

Tengani ndodo, mupite pamalo omwe mumatitimira kawirikawiri tsiku loti mvula yagwa, muizike. Ikafika polimba isanalowe kupitirira kutalika kwa chikhatho, simukufunika tayala loopsa. Ikamangolowa mpaka pa chigongono osagunda kanthu, ganizirani za kutambalala kwa tayala, mwinanso zosintha njira kumene.

Kenako dzifunseni moona mtima kuti pa ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku matope amatenga gawo lalikulu bwanji. Ambirife pa makilomita khumi, a matope enieni sakwana n'komwe awiri. Otsalawo ndi msewu wadothi wouma, ndipo pamenepo tayala la mano aatali limanjenjemeretsa chiwongolero mpaka manja kuchita dzanzi, limamwetsa mafuta, komanso limatha msanga.

Werengani manambala a m'mbali mwa tayala

Pa tayala lanu lakale mupeza zolemba zonga izi: 25x8-12. Nambala yoyamba ndi kutalika kwa tayala lonse likapopedwa, mainchesi 25. Yachiwiri ndi kutambalala kwake, mainchesi 8. Yachitatu ndi kukula kwa rimu, mainchesi 12. Inchesi imodzi ndi masentimita 2.54. Makwadi ambiri a ntchito amakhala ndi 25x8-12 kutsogolo ndi 25x10-12 kumbuyo. Akutsogolo amachepa m'lifupi dala, kuti chiwongolero chisamalemere.

Onani matayala onse anayi, musangowerenga limodzi. Honda TRX420 zambiri zili ndi 24x8-12 kutsogolo koma 24x10-11 kumbuyo, kutanthauza kuti rimu yakumbuyo ndi ya mainchesi 11. Munthu woitanitsa matayala anayi a rimu 12 amadzazindikira katundu atafika kale kuti awiri salowa. Nambala yachitatuyi ilibe zokambirana, iyenera kufanana ndendende ndi rimu yanu.

Ngati kwadi yanu imakoka ndi matayala onse anayi, kutalika kwa akutsogolo ndi akumbuyo kusungidwe monga mmene kunalili. Mukaika 26 kumbuyo n'kusiya 25 kutsogolo, mbali ziwirizi zimalimbana, ndipo zomwe zimalipira ndi magiya ndi mashafuti. Pachifukwa chomwechi gulani onse anayi a mtundu umodzi. Makampani sayeza mofanana: 26 wa kampani ina mukamuika tepi amatha kuchepa kapena kupitirira pang'ono.

Musakweze msinkhu mopitirira

Apa ndi pomwe ndinagwera, ndiye ndikhalitsapo. Tayala lalitali limakweza kwadi, n'zoona, koma ndi theka lokha la zomwe mwawonjezera. Kuchoka pa 25 kufika pa 28 mwawonjezera mainchesi atatu, koma mimba ya kwadi yakwera ndi inchesi imodzi ndi theka basi, osakwana masentimita anayi. Chomwe mwapereka posinthanitsa n'chachikulu. Tayalalo lakula ndi 12 peresenti, ndiye zili ngati mukunyamuka ndi giya yapamwamba nthawi zonse. Amene anapalasapo njinga yakapalasa atanyamula thumba la makala pachitunda akudziwa mmene miyendo imamvera. Injini imamvanso chimodzimodzi. Onjezani kulemera kwa labala wochulukawo, ndi matope omatirira pamwamba pake.

Makwadi a lamba, monga a Polaris, Can-Am ndi Yamaha Grizzly, amayamba kudandaula pa lambayo. Amaterereka, amatentha, amatha. Honda za ntchito monga TRX420 zilibe lamba wotere, zili ndi magiya, koma nazo mashafuti, mabeyaring'i a m'mawilo ndi mabuleki zimamva katunduyo. Mano aatali akaluma mwadzidzidzi pa muzu kapena mwala tayala likuzungulira mwamphamvu, mphamvu yonseyo imakathera pa jointi ya shafuti. Yanga inangomveka kuti thyo, basi.

Lamulo lomwe ndimatsatira tsopano ndi ili: inchesi imodzi pamwamba pa ya kufakitale ilibe vuto pa makwadi ambiri. Ziwiri n'zotheka ngati injini ndi yaikulu, ya 500cc kupita m'mwamba. Kupitirira apo mwalowa m'ndalama zina, zosintha zitsulo za kilatchi, zokweza kwadi ndi zogula mashafuti olimba, zomwe kuno kwathu n'zovuta kupeza. Anthu omwe mumawaona pa YouTube akusambira m'zithaphwi za ku Louisiana ndi Texas ndi matayala a mainchesi 30 ndi kupitirira akusewera, ndipo sitolo ya masipeyala ili pafupi nawo. Inu mukufuna kukafika kumunda n'kubwerako.

Pali malo amodzi pomwe inchesi imodziyo ndi yamtengo wapatali. Kwadi yomwe kumbuyo ili ndi ekiselo imodzi yolumikiza mawilo onse awiri, malo ake otsikitsitsa ndi pakati pa ekiseloyo, ndipo palibe njira ina yowakwezera kupatula tayala.

Musanalipire, yezani mpata. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, wina akhale pa kaliyala wakutsogolo kuti kwadi itsike, muone ngati pakati pa tayala ndi madigadi patsala malo oti zala zinayi zingalowe. Matope nawo amafuna malo awo.

Mano, kulimba ndi mapangidwe

Tayala wamba la kwadi limakhala ndi mano apafupifupi theka la inchesi. A matope amayambira cha pa magawo atatu mwa anayi a inchesi mpaka kufika mainchesi awiri. Pa ntchito ya kumunda, mano oyandikira inchesi imodzi ndi okwanira. ITP Mud Lite ndi chitsanzo chabwino: mtundu wake wa AT uli ndi mano a 3/4 ya inchesi, wa XL ndi wopitirira inchesi pang'ono, ndipo onse ndi opepuka. Kenda Bearclaw ndi Maxxis Zilla ali m'gulu lomweli la matayala oyenda m'matope koma opiririka pouma. High Lifter Outlaw ndi Gorilla Silverback ndi a m'matope akuya okhaokha, olemera, ndipo pa kwadi yaing'ono ndi mtolo chabe.

Kuposa kutalika kwa mano, onani mipata yake. Pisani zala pakati pa dzino ndi dzino. Ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa momasuka, makande adzatuluka. Onaninso ngati mano afika mpaka m'mbali mwa tayala, chifukwa amenewo ndi omwe amagwira khoma la mkwasa wa ngolo kapena thirakitala mukafuna kutulukamo.

Pali nambala ina ya kulimba, yolembedwa 4 PR, 6 PR kapena 8 PR. Kumunda kuli ziputu za chimanga, zitsa za nandolo zodulidwa mosongoka, minga ya mthethe. Tayala la 4 limabooka msanga. La 6 ndi lomwe ndimalangiza. La 8 ndi lolimba zedi koma louma ndi lolemera, loyenera makwadi aakulu okhala anthu awiri moyandikana. Matayala ambiri a matope ndi a mtundu wa bias, olimba m'mbali ndi otsikirapo mtengo. A radial, omwe pa manambala ake pamakhala chilembo R, amayenda mofewa ndipo amakhalitsa pamsewu wouma, koma ndi odula.

Pogula

Matayala a kwadi sapezeka m'sitolo iliyonse ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndiye ambiri amaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa achibale kapena onyamula katundu. Powerengera mtengo musaiwale wonyamula ndi msonkho wa MRA pachipata. Tumizani chithunzi cha manambala a tayala lanu, osati mawu apakamwa pafoni. Itanitsani mu Seputembala kapena Okutobala. Mukadikira mvula ya Disembala, katundu adzafika dzinja lili pakati.

Funsani za zaka za tayala. Ambiri amakhala ndi manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe anapangidwa: 2322 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Labala amakalamba ngakhale asanayendepo. A kaunjika ayang'anitsitseni m'tsinde mwa mano ndi m'mbali. Mukaona timing'alu ngati mapazi a m'chilimwe, asiyeni. Pisaninso dzanja m'kati kufufuza zigamba, ndipo onani mkombero womwe umagwira rimu ngati sunang'ambidwe ndi zitsulo zochotsera.

Ngati mukugula ndi marimu omwe, ndipo ndi nzeru yabwino kukhala ndi maseti awiri, la dzinja ndi la chilimwe, dziwani kuti mabowo a mabawuti amasiyana. Makwadi ambiri a ntchito a Honda, Yamaha ndi Suzuki ndi 4/110 (mabowo anayi pa bwalo lotambalala mamilimita 110), a Polaris ndi 4/156, a Can-Am ndi 4/137. Manati nawo amasiyana, ena ndi osongoka kunsi, ena ndi afulati. Nati yolakwika imamasuka m'njira.

Kumanga

Kuchotsa tayala la kwadi pa rimu ndi ntchito yotuluka nayo thukuta, chifukwa rimuyo ili ndi kamzere kogwira tayala kuti lisavuke pa mpweya wochepa. Pitani kwa omata matayala omwe ali ndi makina. A nyundo ndi chitsulo cha sipuling'i amapinda rimu, kenako mpweya uzingotuluka pang'onopang'ono osadziwa potulukira. Rimu ikakhala poyera, itsukeni, palani dzimbiri m'mphepete, ndipo ikani mavavu atsopano. Ndi otchipa.

Imani pomwepo pamene akumanga. Matayala ambiri a matope ali ndi mbali yoyendera, ndipo pali muvi m'mbali wosonyeza komwe liyenera kuzungulira. Mukayang'ana tayala kuchokera pamwamba, nsonga ya V ya mano iloze kutsogolo, ngati mmene amakhalira matayala akumbuyo a thirakitala. Motero mano amakankhira matope kunja. Likatembenuzidwa limasonkhanitsa matope pakati. Ndiye awiri amangidwe a kumanja, awiri a kumanzere. Mnyamata wozolowera matayala a minibasi akhoza kumanga onse mofanana, inu n'kudzazindikira muli kunyumba.

Pokhazika tayala pa rimu apake madzi a sopo, osati girisi kapena oyilo, zomwe zimawononga labala ndi kuchititsa tayala kuterereka pa rimu. M'mbali mwa tayala mwalembedwa mpweya womwe sayenera kupitirira polikhazika, ndipo pa ambiri ndimaona 36 psi (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala). Likakana kukhala, aphwetse, apakenso sopo, ayambirenso. Zothira petulo m'kati n'kuyatsa machesi muzikane, ngakhale atakuuzani kuti amachita tsiku lililonse.

Pobwezera wilo, yambani manati onse ndi zala, kenako mangani modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, pa mlingo womwe buku la kwadi yanu lanena. Mukayenda ulendo woyamba, bwerezani kumanga.

Mpweya

Chinthu ichi n'chaulere, koma chimasintha kayendedwe kuposa mano. Kwadi siyenda ndi mpweya wa galimoto. Galimoto imafuna 30 psi ndi kupitirira, pomwe makwadi ambiri amafuna pakati pa 3 ndi 7 psi, ndipo nambala yeniyeni ili pa kapepala komatidwa pa kwadiyo. Geji ya pa filing'i siteshoni siwerenga bwino manambala aang'ono chonchi. Gulani geji ya mpweya wochepa, muziisunga m'kabokosi ka pa kwadi pamodzi ndi pampu yamanja ndi zingwe zomatira pancha.

Womanga matayala akamaliza amasiya mpweya wambiri womwe anakhazikira tayala. Mukapanda kuphwetsa, kwadi imadumphadumpha ngati mpira, imaponda pansi ndi pakati pokha, ndipo m'matope imakumba. Phwetsani mpaka pa nambala ya pa kapepala, muyeze matayala asanatenthe. Tsiku la matope ambiri mukhoza kutsitsako psi imodzi kuti tayala litambasuke, koma mukatsika pansi pa 3 pa rimu wamba, tayala limatha kuvuka pokhota, matope n'kulowa pamkombero. Mukanyamula katundu bwezerani mpweya. Kumanja ndi kumanzere kufanane ndithu. Kusiyana kwa psi imodzi yokha kumakokera kwadi mbali imodzi, makamaka ya ekiselo imodzi ija.

M'matopemo

Imani musanalowe. Tsikani, yendani ndi ndodo, mudziwe kuya kwake ndi zomwe zabisala, kaya chitsa kaya dzenje. Lowetsani 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ndi giya yotsika ya L muli pouma, osati mutatitimira kale. Pa kwadi ya lamba, kuyenda m'matope ndi giya yapamwamba ya H ndi njira yachidule yowotchera lamba.

Lowani ndi liwiro la munthu woyenda ndawala, ndipo mafuta akhale amodzimodzi. M'makande tayala limafuna kuzungulira mofulumirirako kuti litaye matope, ndiye mukamva kuti layamba kulemera, onjezani mafuta pang'ono, muone zibuma zikuuluka, kenako bwezani. Imirirani pa zopondera, thupi likhale chakumbuyo pang'ono, ndipo muzigwedeza chiwongolero uku ndi uku kuti mano a m'mbali apeze pogwira. Mukhale mutavala chipewa cholimba ndi magalasi, chifukwa matayala amenewa amaponya dothi ndi timiyala mpaka kumaso. Ngati mikwasa ya thirakitala ndi yakuya, yendani tayala limodzi pamwamba pa mtumbira wapakati, lina m'mbali, kuti mimba isakhale pansi. Pachitunda choterera kwerani molunjika, tsikani molunjika. Kuchidula cham'mbali ndi komwe kumagubuduza makwadi, ndipo tayala lalitali lakweza kale kulemera konse m'mwamba.

Kwadi ikaleka kupita patsogolo, chotsani chala pa mafuta nthawi yomweyo. Tayala la matope limakumba mofulumira, masekondi ochepa mwafika pa mimba. Yesani kubwerera m'mbuyo m'mapazi anu omwe. Zikakanika tsikani, tsitsani katundu, fukulani matope kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa mimba ndi khasu, yalani nthambi kapena mapesi, muikankhe muli pambali uku mukupatsa mafuta pang'ono. Pokoka ndi chingwe mangani pa chitsulo chokokera kapena pa felemu, osati pa kaliyala, ndipo anthu atalikire chingwecho.

Madzi ali ndi malire ake omwe tayala silingasinthe. Buku la kwadi limanena kuya komwe ingadutse, ndipo pa zambiri ndi cha pa zopondera mapazi. Madzi akalowa m'bokosi la lamba, injini imalira koma kwadi siyenda. Pansi pa bokosilo pamakhala kotsegula kotayira madzi. Injini ikazima ili m'madzi akuya musailize. Ikokereni kumtunda, muone fyuluta ya mpweya ndi oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo kuiliza kuwononga injini. Mukatuluka m'madzi gwirani mabuleki kangapo mukuyenda pang'onopang'ono kuti aume. Mtsinje wodzaza womwe ukuthamanga, monga imachitira ya m'munsi mwa phiri la Mulanje mvula ikagwa kumtunda, musauyese n'komwe. Matayala a kwadi ali ngati zibaluni, amayandama, madzi n'kuitenga.

Mukafika kunyumba

Tsukani tsiku lomwelo. Makande akauma amalimba ngati njerwa. Otsalira m'kati mwa rimu amachititsa wilo kugwedezeka, a pa rediyeta amatenthetsa injini, a pa mabuleki amadya mapadi. Pamene mukutsuka, yang'anani timalaya ta labala tokuta majointi a mashafuti. Kakang'ambika ndi chiputu, girisi amatuluka, matope amalowa, ndipo jointiyo sikhalitsa. Kamodzi pa mwezi kwezani kwadi pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamasewera, beyaring'i yatha.

Patala pewanipo. Matayala ambiri a kwadi alembedwa NHS, kusonyeza kuti sanapangidwire msewu waukulu, ndipo opanga makwadi enieniwo amachenjeza kuti pa tala kwadi sikhota bwino. Mano ofewa aja tala imawadya ngati tupa.

Mvula ikasiya cha mu Epulo, bwezerani matayala akale ngati munawasunga. A matopewo atsukeni, aume, mulembe ndi choko lililonse mbali yomwe linali, muwasanjike pa matabwa m'chipinda chamthunzi, kutali ndi dzuwa, dizilo ndi matumba a feteleza.